Mawu omaliza pa tebulo ndi a ndani, woyendetsa kapena osewera?

Funso la wowerenga:

"Ndimayendetsa masewera a Dungeons & Dragons (a pa tebulo, amene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani yopeka imene woyendetsa akuifotokoza) kwa anzanga asanu, ndipo tatha miyezi 8 tikukumana Loweruka lililonse. Mapu, adani, anthu a m'nkhani, zonse ndimakonza ndine. Mwezi wathawu mmodzi anandiuza kuti amamva ngati wangokwera galimoto imene njira yake ndinaisankha kale. Zinandipweteka, koma ndinamva. Loweruka lotsatira ndinawauza kuti dzikoli ndi lathu tonse, aliyense anene chimene akufuna. Pasanathe ola, wina anali atalengeza kuti mfumu ya mzindawo ndi amalume ake ndipo yamupatsa asilikali 200. Wina anatchula yekha amene anapha wansembe, chinsinsi chimene ndakhala ndikuchimanga kwa milungu 6. Mtsikana amene sayankhulayankhula anangoti duu mpaka tinabalalika. Kodi ndibwerere kolamula ndekha? Ngati ayi, malire ali pati?"

Yankho:

Achimwene, kumene munachokera musabwerereko, komanso za Loweruka lija musazibwerezenso. Ndikuona kuti ulamuliro wa pa tebulo mwautenga ngati chinthu chimodzi chogwirika, choti chikachoka m'manja mwanu ndiye kuti chapita chonse kwa anzanuwo. Pa masewera a maola 4 pamagamulidwa zinthu zambirimbiri, ndipo si za mtundu umodzi. Kuti mlonda wa pachipata amalandira ziphuphu kapena ayi, ndi nkhani ina. Kuti mtengambali wa mnzanu, kutanthauza munthu wa m'nkhani amene iye amamusewera, amaopa madzi chifukwa mng'ono wake anamira, ndi ina. Kuti muvi walasa kapena waphonya, ndi inanso. Kuti nkhanza zochitira ana zizitchulidwa pa tebulo panu kapena ayi, imeneyo ndiye yapayokha. Chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo chimene gulu lanu likusowa ndi kuwadziwa eni akewo n'kuwatchula poyera.

Ndiyambe ndi dandaulo la mnzanu uja, chifukwa ndikuganiza kuti simunalimve bwinobwino. Munthu akanena kuti wangokwera galimoto, sakupempha mphamvu zolenga mafumu. Akudandaula kuti akapotoza chiwongolero galimotoyo siikhota.

Masewerawa sanayambe choncho. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, woyendetsa ankatchedwa referee, monga woyimbira mpira, dzina lochokera ku masewera a nkhondo a pa tebulo amene awiriwa ankasewera. Ntchito yake inali kujambula mapanga pa pepala, kubisa mapuwo, n'kumanena zimene osewera aona akatsegula chitseko. Koma chitseko choti atsegule, pofika potsika, nthawi yobwerera kumtunda, kumenyana ndi chilombo kapena kuyankhula nacho, zonsezi zinali za osewera. Ngakhale mtima wa chilombocho, kaya chikwiya kapena chimvetsera, unkatha kuchokera pa madayisi. Woyendetsa ankakonza malo, mathero a nkhani osawadziwa. Anapatsidwa mphamvu chifukwa pankafunika munthu mmodzi wosunga zimene zili kuseri kwa chitseko, kuti ena onse mtima uziwagunda pochitsegula.

Ndiye tengani kope lanu muone masiku 4 omaliza amene munasewera. Pa tsiku lililonse dzifunseni: akanasankha mosiyana, kodi tsikulo likanatha mosiyana? Ngati yankho ndi ayi katatu, vuto mwalipeza.

Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Zaka zapitazo ndinaika gulu langa pa mphambano. Njira ya m'nkhalango inali yaifupi koma yoopsa, ya m'mbali mwa mtsinje yaitali koma yodutsa anthu ambiri. Anakambirana kwa theka la ola. Wina anawerengera masiku a ulendo, wina anafunsa ngati mvula yayamba, mpaka anamanga chimodzi kuti adzera kumtsinje. Ine ndinali nditakonza gulu limodzi la achifwamba loti liwabisalire kulikonse kumene adzere. Nditatsegula kope, mayi wina amene anakhala pafupi nane anaona mutu wa tsambalo, pamene ndinalemba kuti "achifwamba, njira iliyonse". Sanakalipe. Anaika pensulo pansi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye timavutikiranji kukambirana?" Kwa milungu ingapo pambuyo pake, ndikawafunsa kolowera ankangoti, "Kulikonse kumene mwakonza." Zinanditengera nthawi yaitali kuti ayambenso kukhulupirira kuti maganizo awo ali ndi ntchito.

Chimene ndinasintha ndi kakonzedwe. Ndinaleka kulemba zimene zichitike, n'kuyamba kulemba zimene anthu a m'nkhani akufuna ndi zimene achite ngati palibe wowaletsa. Mkulu wa asilikali akufuna mpando wa mfumu. Sabata yoyamba agula alonda awiri, yachiwiri atsekera mlangizi wa mfumu m'ndende, yachitatu atseka zipata. Osewera akalowererapo, ndondomeko yake imasokonekera ndipo iye amayankha monga munthu wotero angayankhire. Akapita kwina, zipata zimatsekedwadi, ndipo pobwera amapeza mzinda wina. Kukonza kotere n'kochepa kuposa kulemba nkhani yonse, ndipo kumasiya funso lalikulu kwambiri m'manja mwa osewera: tichita chiyani, ndipo tiima mbali ya ndani? Pa funso limeneli inu mulibe voti. Mukhoza kuwachenjeza kuti njira ina ndi yoopsa, ndipo muziwachenjezadi, chifukwa kusankha uli mumdima n'chimodzimodzi kungoponya dayisi. Koma akasankha, mulemekeze.

Tsopano za kulenga dziko limodzi, kumene zinthu zinakuthawani. Mu 2010 Vincent Baker anatulutsa masewera otchedwa Apocalypse World, ndipo limodzi mwa malangizo ake kwa woyendetsa ndi loti azifunsa osewera mafunso n'kumamanga pa mayankho awo. Ambiri anatengera njira imeneyi, ndipo imagwira ngakhale pa masewera anu. Chinsinsi chake chili pa mtundu wa funso. Mzere umene ine ndimatsata ndi uwu: wosewera ndimamufunsa zimene mtengambali wake akudziwa, anaona, anachita kapena akumva mumtima. Zimene mtengambaliyo sakudziwa ndimasunga ndine. Akandifunsa zimene zili m'bokosi lokhoma la mdani, sindimubwezera funsolo, chifukwa munthu sangadabwe ndi chinthu chimene waikamo yekha. Koma za kwawo, za amene anamulera, za ngongole zake, akudziwa ndi iye kuposa ine.

Funsolo lizikhalanso ndi mpanda. "Mumzinda muno muli chiyani?" ndi funso lopanda polekezera, wolimba pakamwa amalidzaza ndi zofuna zake, wamanyazi amasowa poyambira. Taonani lina. Gulu langa linafika pa doko, ndipo ndinatembenukira kwa amene ankasewera mbava: "Unakhalapo kuno zaka zitatu zapitazo, ndipo unachoka usiku mothawa. Anakubisa ndani?" Anayang'ana padenga kanthawi, kenako anati, "Mayi wina wosoka matanga a ngalawa. Anandifunditsa mulu wa nsalu mpaka alonda atadutsa. Sindinamuthokozepo." Mawu omalizawo sindinamufunse, anatuluka okha. Ndinawalemba m'mphepete mwa kope. Patatha milungu itatu, wokhometsa msonkho wa padokopo anabwera kudzalanda nyumba ya mayi uja, gulu lili pakati pa ntchito ina yolipira bwino. Wosewerayo anadzuka pampando, n'kuuza anzake kuti iye sakwera ngalawa mpaka nkhaniyi ithe. Mkangano umene unatsatira, wa atengambali osati wa anthu, unali wokoma kuposa chilichonse chimene ndikanalemba ndekha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa ine. Mukafunsa, yankho likumangeni. Mukapempha munthu kuti akuuzeni za mlongo wa mtengambali wake, inu n'kungogwedeza mutu, mlongoyo osaonekanso m'nkhani, mwachita zomwe zija za njira ziwiri zothera kwa achifwamba amodzi. Kuli bwino kufunsa mafunso awiri pa tsiku n'kuwagwiritsa ntchito onse, kusiyana ndi kufunsa 20 n'kuwaiwala.

Nanga wa amalume a ufumu uja? Musamuweruze msanga. Munatsegula chitseko osanena polekezera, iye n'kulowa. Komanso wakupatsani mphatso: akufuna kukhala wolumikizana ndi akuluakulu a mzindawo. Ufumu wa amalumewo ulandireni, kenako mufunse funso lotsatira. "Chabwino, ndi amalume ako. Nanga bwanji watha zaka 10 osaponda pakhomo pawo?" Kapena, "Mwana wawo amakuona ngati wodzalanda mpando. Unamulakwira chiyani?" Walira mvula walira matope, wofuna chibale ndi mfumu alandirenso adani a mfumuyo, maudindo ake ndi maso onse amene amayang'ana banja lachifumu.

Asilikali 200 aja ndiye ayi, ndipo chifukwa chake mumuuze. Wolemba masewera wina, Paul Czege, amadziwika ndi mfundo yoti munthu mmodzi akakhala wolenga vuto la mtengambali wake n'kukhalanso wolithetsa, masewera sakoma. Wosewera akhoza kudzipangira mavuto ochuluka mmene angafunire, ndipo osewera abwino amakonda kutero. Akhoza kupanga anthu, malo, mbiri. Koma akadzipatsa ndi pakamwa pokha chida chothetsera vuto limene gulu lonse likulimbana nalo, walanda anzake anayi masewera awo. Kuletsa zimenezi si nkhanza. Mukuteteza tebulo.

Olemba masewera ena anaona kuti mphamvu yotereyi imayenda bwino ikakhala ndi mtengo. Mu Fate Core, ya mu 2013, wosewera amakhala ndi mapointi ochepa, kawirikawiri atatu poyamba. Akhoza kupereka imodzi kuti anene kanthu koona m'nkhani, monga kuti mlonda uyu anaphunzira naye limodzi. Njira yaikulu yopezeranso mapointiwo ndi kuvomera kuti khalidwe la mtengambali wake limugwetse m'mavuto: wamkamwa atukwane pamaso pa woweruza, wokonda ndalama atole chimene sanayenera kutola. Mu Blades in the Dark, imene John Harper anatulutsa mu 2017, atengambali ndi zigawenga, ndipo wosewera akhoza kuimitsa nkhani ali pakati pa kuba n'kunena kuti, "Dzulo ndinapatsa kale mlonda uyu kangachepe." Woyendetsa amatchula mtengo wake, umene umalipidwa ndi mapointi osonyeza kupanikizika kwa mtengambaliyo, ndipo ukhoza kukhala 0, 1, 2 kapena kuposa malinga ndi kuvuta kwa chinthucho. Koma kubwerera m'mbuyoko sikungafafanize zimene zachitika kale pamaso pa onse.

Chimene ndimakondera kwambiri buku la Harper ndi chakuti limanena mosabisa amene ali ndi mawu omaliza pa chiyani. Wosewera ndiye amasankha luso limene agwiritse ntchito pothana ndi vuto. Woyendetsa ndiye amanena kuopsa kwake, kuchuluka kwa zimene zingapindulidwe, ndi zotsatira zikavuta. Osewera ndiwo amagamula ngati zimene achita zikuyenera mapointi okulitsira atengambali awo. Simukuyenera kutengera kagawidwe kameneka ndendende. Tengerani mtima wolemba zinthu poyera, kuti pasakhale woganizira.

Pa masewera anuwo muli kale ndi chida choyambira. Dungeons & Dragons ya mu 2014 ili ndi Inspiration, mphoto imene woyendetsa amapereka kwa wosewera bwino mbali yake. Mukhoza kugwirizana monga gulu kuti wokhala nayo akhoza kuipereka kuti anene kanthu kamodzi kakang'ono: kuti m'chipinda muno muli chingwe, kuti wosula zitsulo wa m'mudzi uno ndi mnzake wakale. Kanthuko katsegule njira, kasamalize ntchito, ndipo inu mukhale ndi ufulu wokana ngati kakuwombana ndi chinsinsi chimene mukusunga. Mukakana, Inspiration yake ibwerere kwa mwini wake.

Za wakupha wansembe zija n'zosavuta. M'nkhani yofufuza, yankho ndi lanu mpaka alipeze. Amene anatchula dzina uja mukanamuyankha kuti, "Mtengambali wako akukhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Umboni ali nawo?" Pamenepo mawu ake asanduka kukayikira kwa munthu wa m'nkhani, kumene kungakhale koona kapena kolakwika, ndipo mwamupatsa chochita. Alipo masewera, monga Brindlewood Bay ya Jason Cordova, amene wakupha sadziwika ngakhale kwa woyendetsa: osewera amatola zizindikiro, n'kumanga ganizo lawo, madayisi n'kunena ngati alondola. Ndi okoma, koma onse amalowamo akudziwa kuti ndi mmene akuyendera. Kusintha nkhani ya mtundu woyamba kukhala ya mtundu wachiwiri ili pakati kumapweteka amene akhala akulemba zizindikiro mosamala kwa milungu 6.

Pali mwini wina wa zigamulo amene simunamutchule m'kalata yanu, ndiye dayisi. Ine ndimaliona ngati munthu wachitatu pa tebulo, amene inu ndi osewera mwagwirizana kuti mukasowa chonena iye ndiye anene. Kuti ntchito yake iziyenda, nenani zimene zili pachiswe dayisi lisanagwe. "Ukapambana wadumpha phompho. Ukalephera ugwira m'mphepete, koma chikwama chokhala ndi mapu chigwera pansi. Ukudumphabe?" Munthuyo akavomera, zotsatira zake ndi zake, ndipo sadzanena kuti munamuchenjerera. Ngati pali zotsatira zimene inu simungathe kuzilandira, musaponyetse dayisi n'komwe. Baker yemweyo, m'masewera ake a mu 2004 otchedwa Dogs in the Vineyard, analangiza woyendetsa kuti ngati palibe chili pachiswe angovomera, ndipo madayisi azibwera pokhapokha pali kulimbana kwenikweni. Burning Wheel ya Luke Crane imawonjeza kuti chimene dayisi lanena chikhale chomwecho mpaka zinthu zitasinthadi, osaponyetsa munthu kasanu pa khoma limodzi mpaka agwe. Ndipo kusintha nambala mobisa kuseri kwa chotchinga chimene mumabisira kope ndi madayisi anu, ngakhale mukuchitira chifundo, ine ndimakuletsani. Tsiku limene adzadziwe, kupambana kwawo konse kwa m'mbuyo kudzasanduka kokayikitsa.

Dayisi likhozanso kubwezera chigamulo kwa wosewera. Mu Apocalypse World amaponya madayisi awiri a mbali 6 n'kuwonjezera luso. Kuyambira 10 wapambana, 6 kutsika zavuta, koma 7 mpaka 9 wapeza chimene amafuna pamtengo wina, ndipo nthawi zambiri mtengowo amasankha yekha. Popanda chowonjezera, nambala zapakatizi zimagwa ka 15 pa ka 36, ndiye kuti gawo lalikulu la masewera limakhala la kusankha chotaya. Buku la woyendetsa la Dungeons & Dragons la mu 2014 lili ndi ganizo lofanana: munthu akaperewera ndi 1 kapena 2, mukhoza kumulola kupambana koma ataluzapo kanthu. Pamenepo mufunseni: "Loko watseguka, koma kapena chida chako chathyokeramo, kapena alonda amva phokoso. Usankha chiti?" Mwatchula mitengo ndinu, wasankha ndi iye.

Tsopano mtsikana uja, amene kwa ine ndiye wofunika kwambiri m'kalata yanu yonse. Mutanena kuti aliyense anene chimene akufuna, munaganiza kuti mwagawa mphamvu mofanana. Zoona zake n'zakuti bwalo likangosiyidwa lotseguka, limatengedwa ndi ofulumira pakamwa. Poyamba, pamene munkalamula nokha, iye ankadziwa kuti nthawi yake ifika, chifukwa pa nkhondo aliyense amakhala ndi mpata wake. Mutachotsa dongosolo, amene analuza kwambiri ndi iye. Choncho ntchito imodzi imene simuyenera kuigawa ndi yoyang'anira kuti mpata woyankhula ukuzungulira. Ben Robbins analemba masewera otchedwa Microscope, a mu 2011, opanda woyendetsa n'komwe, koma malamulo ake pa nkhaniyi ndi okhwima kuposa a masewera ambiri okhala ndi woyendetsa: ikafika nthawi yako, umalenga wekha, ndipo anzako saloledwa kukuponyera maganizo. Robbins anadziwa kuti popanda lamulo lotere, dziko lonse likhala la munthu mmodzi wolongolola.

Mutchuleni dzina. Mufunseni funso laling'ono lokhala ndi mpanda, lokhudza mtengambali wake yekha, loti wina sangamuyankhire. Kenako dikirani. Masekondi 10 a chete amaoneka ngati ola, ndipo wina adzafuna kudzaza mpatawo. Kwezani dzanja pang'ono, maso anu akhale pa iye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena amaganiza bwino akakhala okha, ndiye mutumizireni funsolo pa foni pakati pa sabata, abwere ndi yankho lopsa kale. Ndaonapo anthu amene pa tebulo satha kunena mawu asanu, koma ukawalembera amakubwezera tsamba lathunthu la mbiri ya banja la mtengambali wawo.

Mukhalenso okonzeka kumva kuti iye safuna kulenga chilichonse. Alipo osewera amene chimawasangalatsa ndi kulowa m'dziko looneka ngati linalipo iwo asanafike, ndipo ukawafunsa dzina la phiri amamva ngati waboola chinsalu n'kuwaonetsa misomali yakuseri. Kumeneko si ulesi kapena mantha. Mufunseni pambali, ndipo akatero, mupatseni zosankha za mtengambali wake zokha, zolemera bwino, za phirizo musiye.

Pali gulu lina la zigamulo limene inu mulibe mphamvu yoposa ya wina aliyense, ngakhale ndinu mumakonza zonse. Nkhani yathu ikhale yoseketsa kapena yoopsa? Atengambali azifa mosavuta kapena imfa ikhale yapatali? Kodi n'zololedwa kuberana kapena kumenyana okhaokha? Ndi zinthu ziti zimene sitikufuna kuzimva pa tebulo pano? Osewera ambiri amapatula tsiku lokambirana zimenezi nkhani isanayambe, limene amalitcha session zero, ndipo buku la Tasha's Cauldron of Everything la mu 2020 linaikamo gawo lofotokoza za tsikuli. Inu mwatha miyezi 8, komabe simunachedwe. Ron Edwards, mu 2003, anasiyanitsa zinthu ziwiri: zimene sizilowa m'nkhani n'komwe, ndi zimene zikhoza kuchitika koma osazifotokoza, ngati kuseri kwa katani. John Stavropoulos anabweretsa X-Card, kakhadi kolembedwa X koikidwa pakati pa tebulo, kamene aliyense akakakhudza chinthucho chimachotsedwa popanda kumufunsa chifukwa. Pa zoterezi musavote. Anthu anayi sangagamule kuti wachisanu apirire nkhani imene ikumukumbutsa zowawa za pa moyo wake. Mmodzi akati ayi, yatha. Inunso muli ndi ufulu womwewo: ngati pali nkhani imene simukufuna kuiyendetsa, nenani, chifukwa nanunso mwabwera kudzasewera.

Mikangano ya malamulo ndiidutse mwachangu. Pakati pa masewera, wotsutsa apatsidwe mphindi imodzi kapena ziwiri, inu mugamule, masewera apitirire. Mukamaliza tsegulani buku limodzi. Ngati munalakwitsa vomerani, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe pa pepala limene onse angaliwerenge. Lamulo latsopano lokhalitsa lisabwere ndi inu nokha, ndipo ligwire adani anu mofanana ndi mmene likugwirira atengambali awo.

Ndikuonanso kutopa m'kalata yanu, ngakhale simunakutchule. Kugawa zigamulo kumapita limodzi ndi kugawa katundu. Robbins yemwe uja anayendetsapo masewera amene anawatcha West Marches, mmene osewera ndiwo ankapangana tsiku, kusonkhanitsa gulu, ndi kumuuziratu kumene akufuna kupita kuti iye akonze kumeneko kokha. Tengeraniponi kanthu. Mphindi 10 zomaliza za Loweruka lililonse, afunseni kumene alowere sabata yamawa, ndipo akanena asasinthe. Wina azilemba zimene zachitika n'kuzikumbutsa poyamba, wina azisunga mapu, wina azikumbutsa anthu za tsiku. Mukamamvetsera wosewera akufotokoza za sabata yatha, mudzamva zimene zinamukhudza, ndipo kawirikawiri si zimene inu munaziona ngati zazikulu. Ars Magica, ya Jonathan Tweet ndi Mark Rein-Hagen, inalimbikitsa kale mu 1987 kuti mpando wa woyendetsa uzizungulira m'gulu. Mnzanu wa galimoto uja mwina angakonde kuyendetsa nkhani yaifupi ya masiku awiri, inu mupumeko n'kuona tebulo muli mbali inayo.

Loweruka likubwerali musatulutse madayisi kwa ola loyamba. Auzeni mosabisa kuti dandaulo lija munalimva, kuti njira imene munayesa sinayende, ndipo kuti simukuimba mlandu aliyense. Pa pepala limodzi lembani limodzi zimene zili za wosewera aliyense, zimene mukusunga inu, zimene mwasiyira dayisi, ndi zimene zimafuna kuvomereza kwa onse. Wa amalume uja mumuuze kuti chibalecho chikhala, asilikali achoka, ndipo mumufunse pomwepo chimene chinamuchotsa kunyumba yachifumu. Amene anatchula wakupha, ngati anaphonya, kukayikira kwake kukhale njira imodzi yofufuza. Ngati analasa, musasinthe wakuphayo pofuna kumuposa nzeru. Walondola, ndipo tsopano gulu likhale ndi ntchito yopeza umboni woti mfumu ingaukhulupirire, wakuphayo akudziwa kuti akumulondalonda. Mtsikana uja mulembereni Lachitatu, mumufunse kuti wansembe wophedwayo anali ndani kwa mtengambali wake, ndipo chimene angayankhe chionekere m'chithunzi choyamba mukayamba kusewera.